Phunziro: Kukuta Mfuti ya Chifefe ndi Utoto Woteteza ku Dzimbiri

Mawu oyamba

Mfuti ya chifefe imatha ndi dzimbiri isanathe ndi kuwomba. Mpope wake ungapirire zipolopolo zikwizikwi popanda vuto, koma mukaisiya yonyowa m'chikwama chake kwa milungu yochepa, imatuluka ili mawangamawanga ofiira, mwinanso ndi timaenje timene simungatifafanize. N'chifukwa chake ku United States, kumene alenje a abakha akutchire ndi ochuluka, kunakula ntchito yapadera yochotsa khungu limene mfuti inatuluka nalo kufakitale n'kuikuta ndi utoto wolimba, wopangidwa ndi makampani ena.

Phunziro lathu ndi la ntchito imeneyi. Tikamamaliza, aliyense wa inu athe kufotokoza zinthu zinayi izi:

1. Chimene chimadya chitsulo cha mfuti.
2. Kusiyana kwa zokutira zakale ndi utoto wamakono.
3. Ndondomeko ya ntchito, kuyambira kuphwasula mpaka kumanganso.
4. Mfuti zosayenera kupakidwa, ndi malo a mfuti amene utoto suyenera kufika.

Mfundo yaikulu igwireni kuyambira pano. Utoto umalimba malinga ndi mmene chitsulo chakonzedwera usanafikepo. Kupopera n'kwa mphindi zochepa chabe, koma kukonza chitsulo kumadya tsiku lonse, ndipo ntchito imakoma kapena kuwonongeka pamenepo.

1. Dzimbiri limayamba bwanji?

Chitsulo chikakumana ndi madzi pamodzi ndi mpweya wa okosijeni, chimasanduka dzimbiri lofiira. Dzimbirili ndi lofewa, limatupa kuposa chitsulo chimene lachokerako, ndipo limasweka n'kuyoyoka. Likayoyoka limasiya chitsulo china pamtunda, nachonso chimadyedwa, mpaka pamalopo pamakumbika kadzenje. Mchere umafulumizitsa zonsezi. Dzimbiri limayenda ndi timagetsi tating'ono todutsa m'madzi amene ali pa chitsulo, ndipo madzi amchere amadutsitsa magetsi mosavuta kuposa madzi wamba.

Chifefe chimavutika kwambiri chifukwa cha malo amene chimagwira ntchito. Taganizirani za mlenje wa m'madambo a m'mphepete mwa nyanja ku Louisiana, kapena wa ku Chesapeake Bay, kumene madzi a m'mitsinje amasakanikirana ndi a m'nyanja yamchere. Nyengo yake yosaka imagwa m'miyezi yozizira, makamaka kuyambira Novembala mpaka Januwale. Mfuti imagona pansi m'bwato momwe muli matope ndi madzi, galu akabwera ndi bakha amadzikutumulira pomwepo, ndipo manja a thukuta, amenenso ali ndi mchere, amaigwira tsiku lonse. Madzulo ikalowa m'nyumba yofunda, chitsulo chozizira chija chimachita mame. Mwini wake akangoiponya m'chikwama chansalu n'kukagona, m'mawa dzimbiri layamba kale.

2. Zokutira zakale

Njira yodziwika kwambiri ndi imene amisiri amaitcha bluing, yomwe imapatsa mfuti mtundu wakuda wobiriwira uja. Umenewu si utoto. Mmisiri amaviika chitsulo m'madzi a mankhwala aukali owira pa madigiri a Celsius apakati pa 135 ndi 155, ndipo pamwamba pa chitsulocho pamasanduka dzimbiri lamtundu wina, lakuda, lotchedwa magnetite. Dzimbiri lakudali silitupa ndiponso siliyoyoka. Vuto lake n'lakuti ndi lopyapyala kwambiri ndipo lili ndi timipata tosaoneka ndi maso. Chimene chimatchinga madzi kwenikweni ndi mafuta amene alowa m'timipatamo. Mafuta akauma, chitetezo chatha.

Njira yachiwiri ndi parkerizing, imene inatenga dzina la banja la Parker, lomwe linatsegula kampani yake ku Detroit mu 1915. Apa chitsulo chimaviikidwa m'madzi a asidi wa fosifeti wokhala ndi manganizi kapena zinki, otentha pafupifupi madigiri 90. Chimatuluka chotuwa, chokhakhala pang'ono, ndipo chimamwa mafuta ambiri kuposa cha bluing. Asilikali a ku America anagwiritsa ntchito njirayi pa mfuti zawo zambiri pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Onani kuti njira ziwirizi zikufanana pa zinthu ziwiri. Zonse zimasintha chitsulo chenichenicho, ndipo zonse zimadalira mafuta. Chifukwa zimafuna chitsulo wamba, sizigwira pa aluminiyamu, pa pulasitiki, ngakhale pa chitsulo chosachita dzimbiri pokhapokha ndi mankhwala apadera. Choopsa china n'chakuti madzi aukali a bluing amadya aluminiyamu.

3. Utoto wamakono

Utoto wamakono susintha chitsulo. Umayala khungu lake pamwamba, limene limatsekereza madzi ndi mpweya kuti zisafike pa chitsulocho. Mitundu yake ilipo ingapo, koma tikambirana itatu.

Woyamba ndi Cerakote, wopangidwa ndi kampani ya NIC Industries ya ku White City m'boma la Oregon. Ndi utoto wa polima wosakaniza ndi timibulu tosalala kwambiri ta seramiki. Mtundu wake wodziwika pa mfuti ndi H-Series, umene amausakaniza ndi mankhwala olimbitsa n'kuuwotcha mu uvuni. Palinso C-Series, umene umauma wokha ndi mpweya ndipo umalimba kwathunthu pakatha masiku 5. Cerakote wopoperedwa bwino amakhala wochindikala pafupifupi mamilimita 0.025, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo 40 a milimita. Kupyapyala kumeneku n'kofunika, chifukwa zitsulo za mfuti zimalowana mothina.

Wachiwiri ndi DuraCoat, wa kampani ya Lauer Custom Weaponry ya ku Chippewa Falls m'boma la Wisconsin. Nayenso amasakanizidwa ndi mankhwala olimbitsa, magawo 12 a utoto pa gawo limodzi la mankhwala, koma safuna uvuni. Mfuti mukhoza kuimanganso tsiku lotsatira, ngakhale kuti utotowo umapitirizabe kulimba kwa milungu ingapo. Anthu ogwira ntchitoyi pakhomo amaukonda chifukwa cha zimenezi.

Wachitatu ndi Gun-Kote, wa kampani ya KG Industries, amene amapoperedwa wopyapyala n'kuwotchedwa pa madigiri pafupifupi 160 kwa ola limodzi.

Makampaniwa akamatsatsa malonda amatchula mayeso a nkhungu yamchere, otchedwa ASTM B117. Pa mayesowa zitsulo zimatsekeredwa m'bokosi lotentha madigiri 35, momwe mumafuka nkhungu ya madzi okhala ndi mchere magawo 5 pa 100, ndipo amawerenga maola amene adutsa dzimbiri lisanaoneke. Chitsulo cha bluing chimagonja msanga, pamene chokutidwa bwino ndi utoto chimapirira nthawi yaitali kwambiri. Komabe muziwerenga manambala oterowo mosamala. Chitsulo cha m'bokosimo sichikhulana ndi bwato, sichigwa pamwala, ndipo chinapakidwa ndi katswiri wa kampani yomweyo.

4. Choyamba: mfuti yake ndi yotani?

Musanasankhe mtundu wa utoto, yambani mwadziwa mfuti imene ili patebulo. Pali mafunso atatu.

Funso loyamba: yapangidwa ndi chiyani? Tengani mfuti ziwiri zofala kwambiri ku America. Remington 870, imene inatuluka mu 1950 ndipo zapangidwa zoposa 11 miliyoni, ili ndi thunthu lachitsulo. Thunthu ndi bokosi lija lapakati, losunga zoyendayenda zonse, limene amisiri amati receiver. Mossberg 500, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, thunthu lake ndi la aluminiyamu. Choncho Mossberg yokalikakalika simungaibwezere mtundu wake ndi bluing, pamene utoto wamakono umagwira pa mpope wachitsulo ndi pa thunthu la aluminiyamu mofanana, mfuti yonse n'kukhala ya mtundu umodzi. Ngati mukukayika, gwiritsani maginito: amamata pa chitsulo, pa aluminiyamu samata.

Funso lachiwiri: zitsulo zake zinalumikizidwa bwanji? Apa ndi pamene ambiri amagwa. Zifefe zambiri zakale za mipope iwiri zinalumikizidwa ndi mtovu wosakaniza ndi tini. Mtovuwo ndi umene umagwira mipope ija pamodzi ndi kachitsulo katali kogona pakati pake, kotchedwa rib. Mtovu wotere umayamba kusungunuka pa madigiri 183. Utoto wina umawotchedwa pa 150 kapena 160, ndipo uvuni wosadalirika amatha kupitirira muyeso umene mwamuikira ndi madigiri ambiri. Mpata wake ndi wochepa kwambiri. Amisiri ali ndi njira yakale yoyesera mipope yotere. Amaikoleka pa waya kapena pa chala kuti ilendewere, n'kuigogoda pang'ono ndi kamtengo. Ngati mtovu uli bwino, mipopeyo imalira momveka ndipo kulirako kumatalika. Ngati kachitsulo kaja kamatuka penapake, imangoti gu, n'kukhala chete, mwina n'kunjenjemera. Mipope yolira choncho imafuna mmisiri wolumikiza, utoto udikire. Ngakhale yolira bwino, ndi nzeru kuipaka utoto wouma ndi mpweya, kapena kuibwezera mtundu ndi njira yakale ya rust bluing, imene imagwiritsa ntchito madzi owira wamba.

Funso lachitatu: mtengo wake uli pati? Mfuti yakale ya Parker, L.C. Smith kapena Winchester Model 12, ngakhale ya ku London monga ya Purdey kapena Holland & Holland, anthu osonkhanitsa mfuti amaigula chifukwa cha khungu lake loyambirira, ngakhale litafwifwa. Zambiri zili ndi zozokota zamanja pa thunthu, ndi mitundu yamawangamawanga imene chitsulo chinatenga pochilimbitsa ndi moto. Mchenga wokwechera umafafaniza zonsezi m'kanthawi kochepa, ndipo sizibwerera. Utoto wamakono ndi wa mfuti yantchito, yopita kudambo ndi kumunda.

5. Ndondomeko ya ntchito

Titenga chitsanzo cha chifefe chopopa ndi dzanja, chopakidwa Cerakote wa H-Series. Manambala amene nditchule ndi a malangizo a utoto umenewu. Mukagwira mtundu wina, tsatirani pepala la malangizo ake.

*Gawo loyamba: kuonetsetsa kuti mfuti ilibe kanthu.* Tsegulani mfuti, yang'anani m'chipinda cha chipolopolo ndi m'paipi yosungira zipolopolo, ndipo pisanimo chala. Zipolopolo zonse zituluke m'chipinda chogwiriramo ntchito.

*Gawo lachiwiri: kuphwasula.* Chotsani chilichonse chimene chingachoke: chigwiriro chamtengo kapena chapulasitiki, masipuling'i, timapini, labala wa kuphewa, kamkanda koyang'anira ka kunsonga kwa mpope, ndi kapaipi ka choke kamene kamapoteredwa kukamwa kwake. Jambulani zithunzi pa foni pamene mukuchotsa, ndipo tizitsulo tating'ono tikhale m'timapepala tolembedwa mayina. Mfuti yopakidwa yosaphwasula imabisa mafuta m'malumikiziro, ndipo mafutawo amadzatuluka nthawi yowotcha.

*Gawo lachitatu: kuchotsa mafuta.* Mizani zitsulo zonse mu asetoni kwa mphindi 20 mpaka 30, kenako zisiyeni ziume zokha. Kupukuta ndi kansalu sikukwanira, chifukwa mafuta a zaka zambiri amakhala atalowa m'timabowo ta mapini ndi pansi pa rib. Kuyambira pano chitsulo chisakhudzidwenso ndi dzanja lopanda magolovesi.

*Gawo lachinayi: kukwecha.* Chitsulo chimalowetsedwa m'bokosi lotseka, momwe mpweya wa kompuresa umachiwomba ndi mchenga wapadera. Mchenga woyenera ndi wa aluminium oxide kapena garnet wa nambala 100, pa mphamvu ya mpweya ya psi 80 mpaka 100. Kukwecha kuli ndi ntchito ziwiri. Kumachotsa dzimbiri ndi khungu lakale, komanso kumasiya pa chitsulo timapiri ndi timaenje tosaoneka ndi maso, timene utoto umakola. Womanga nyumba amachita chimodzimodzi akamasemasema khoma losalala la simenti kuti pulasitala agwire. Pa chifukwa chimenechi timikanda tagalasi, timene ena amatsukira zitsulo, sitiyenera: timasalaza chitsulo m'malo mochikanda, ndipo utoto umadzasendeka. Pa pulasitiki ndi pa aluminiyamu wokhala ndi khungu lake la kufakitale, tsitsani mphamvu ifike pa psi 30 mpaka 40, mungochotsa kunyezimira. Chitsulo chokwechedwa bwino chimaoneka chotuwa mofanana paliponse. Pakatsala malo onyezimira, bwerezani.

Dziwani kuti chitsulo chikangokwechedwa chili pa ngozi kuposa nthawi ina iliyonse. Tsiku lachinyezi chimayamba kufiira m'maola ochepa, ndipo mukachigwira ndi chala chimodzi, mizere ya chalacho imadzaoneka italembeka ndi dzimbiri. Choncho musakweche lero kuti mudzapopere mawa.

*Gawo lachisanu: kukoleka ndi kutulutsa mafuta obisala.* Kolekani chitsulo chilichonse pa waya wake, chisakhudzane ndi chinzake, ndipo chilowe mu uvuni wa madigiri pafupifupi 150 kwa ola limodzi chisanapakidwe. Kutenthako kumathamangitsa mafuta amene asetoni sanawafikire. Mukachitulutsa, chiyang'anitsitseni powala. Kawirikawiri mudzaona kabanga kakuda, konyowa, katazungulira bowo la pini, kapena kamzere ka mafuta katatsika kuchokera pamene paipi yosungira zipolopolo imalowa m'thunthu. Kabanga kameneko kakukuuzani kuti ntchito sinathe. Bwererani ku asetoni, wotchaninso, kwechaninso, mpaka chitsulo chituluke chouma. Mfuti zakale zimafuna kubwereza kangapo. Amene amadumpha gawo ili amadzapeza utoto utachita matuza pamalo omwewo.

*Gawo lachisanu ndi chimodzi: kusakaniza.* Khutchumulani botolo la utoto kwa mphindi zingapo, chifukwa timibulu ta seramiki timakhazikika pansi. Muyeso wamba ndi magawo 18 a utoto pa gawo limodzi la mankhwala olimbitsa. Mukafuna kuti mfuti inyezimire pang'ono, chitani 12 pa 1. Mukafuna yosanyezimira konse, monga amakondera alenje kuti abakha asaione, chitani 24 pa 1. Sefani utotowo musanauthire m'chopopera, ndipo sakanizani wokwanira ntchito ya nthawi yomweyo, chifukwa ukasakanizidwa sukhalitsa.

*Gawo lachisanu ndi chiwiri: kupopera.* Chopopera choyenera ndi cha mtundu wa HVLP, cha kamwa la mamilimita 0.8, pa psi 20 mpaka 25. Yambani mwayesa pa kachitsulo kena. Kenako poperani m'makona ndi m'malo obisika, n'kumalizira malo otambalala, dzanja likuyenda mosadukiza pa mtunda wa masentimita pafupifupi 10 kuchokera pa chitsulo. Utoto ufike wonyowa, koma usayenderere. Mukatalikitsa dzanja, utoto umauma uli m'malere n'kugwa ngati fumbi, ndipo chitsulo chimakhala chokhakhala. Mukachulutsa, umadontha ndipo zitsulo sizidzalowana. Cholakwa chikaoneka utoto usanawotchedwe, tsukani ndi asetoni muyambirenso. Ukawotchedwa, kuuchotsa kwake n'kukwecha basi.

*Gawo lachisanu ndi chitatu: kuwotcha.* Siyani zitsulo zilendewere kwa mphindi 15 kuti mankhwala osungunulira utoto auluke. Kenako ziwotcheni pa madigiri 121 kwa maola awiri, kapena pa 149 kwa ola limodzi. Zapulasitiki zimawotchedwa pa madigiri 65 mpaka 82 kwa maola awiri. Ikani choyezera kutentha chanuchanu mu uvunimo, musadalire nambala yolembedwa pa kabatani.

*Gawo lomaliza: kumanganso ndi kuyesa.* Zitsulo zikazizira, mangani mfuti mofatsa, kuthira mafuta pamalo oyendayenda. Pini ikakana kulowa, musaikhome ndi nyundo. Palani pang'ono utoto umene walowa m'bowo. Yesani mfuti yopanda chipolopolo: kodi ikutseka bwino, kodi loko wake wachitetezo akugwira, kodi chowombera chikubwerera? Chilichonse chikakayikitsa, mfutiyo ipite kwa mmisiri wa mfuti isanawombedwe.

6. Malo amene utoto suyenera kufika

Musanakweche ndi musanapopere, tsekani malo ena ndi zotsekera za labala wopirira moto kapena tepi wopirira kutentha. Malowo ndi awa: m'kati mwa mpope, m'chipinda cha chipolopolo, pa timizere topotera choke, ndi pamene zitsulo zotsekera mfuti zimalumana. Pa chifefe chodzilowetsera chokha zipolopolo, tsekaninso timabowo totulutsira mpweya wa onga ndi pisitoni yake. Pa chifefe chothyola pakati, samalani pini imene mipope imazungulirapo.

Chofunika koposa ndi tizitsulo ta chowombera, makamaka pamene kachitsulo kogwira nyundo ya mfuti kamalumana ndi nyundoyo. Malo amenewa anasemedwa mwa muyeso wosamala kwambiri. Mchenga ukadya m'mphepete mwake, kapena utoto ukawonjezerapo khungu, mfuti ikhoza kuwomba yokha ikagwa pansi kapena poitseka. Tizitsulo timeneti tisiyeni monga tinabwerera.

7. Nambala ya mfuti ndi lamulo

Mfuti iliyonse yolembetsedwa ili ndi nambala yake yodindidwa pa thunthu. Ku United States n'kuphwanya lamulo la boma kukhala ndi mfuti imene nambala yake yafafanizidwa kapena kusinthidwa. Kuyambira mu 2002, opanga mfuti kumeneko amalamulidwa kudinda nambala yozama mainchesi osachepera 0.003, amene ndi mamilimita pafupifupi 0.076. Yerekezani ndi utoto wathu wa mamilimita 0.025, muona kuti kupopera kamodzi koyenera kumasiya nambala ikuwerengeka, koma kubwereza katatu kapena kanayi kukhoza kuikwirira. Mfuti zakale zina zili ndi nambala yosazama n'komwe, choncho pamenepo mchenga udutse mopepuka. Zizindikiro za nyumba zoyesa mfuti, monga za ku London ndi Birmingham, nazonso zisungidwe, chifukwa zimasonyeza kuti mpope unayesedwa mphamvu.

Ku America, munthu wolandira mfuti za anthu ena kuti azipake monga bizinesi ayenera kukhala ndi laisensi ya boma yochokera ku bungwe la ATF. Kuno ku Malawi, lamulo la mfuti la 1967 limafuna kuti wosunga mfuti akhale ndi chiphaso, ndipo apolisi amaidziwa mfutiyo ndi nambala yake. Mwini chifefe asanachipereke m'manja mwa munthu wina kuti achikonze, ayambe wafunsa kupolisi.

8. Chitetezo cha mmisiri

Musakwechere mchenga wa kumtsinje. Fumbi lake lili ndi silika, amene akalowa m'mapapo amayambitsa matenda osachiritsika a silicosis. Popopera, valani chophimba kumphuno chokhala ndi zosefera mankhwala, chifukwa masiki yansalu siitchinga nthunzi ya utoto. Valaninso magalasi ndi magolovesi, ndipo mugwirire ntchito pamalo odutsa mpweya. Asetoni amayaka msanga kwambiri, choncho akhale kutali ndi uvuni, fodya ndi moto uliwonse. Uvuni wowotchera utoto asakhalenso wophikira chakudya.

9. Zimene utoto sungachite

Utoto sudzaza maenje a dzimbiri. Popeza ndi wopyapyala, dzenje lililonse limaonekabe, ndipo dzimbiri likatsalira pansi pa dzenjelo limapitiriza kudya mobisa. Maenje akakhala ozama pa mpope, funso silikhalanso la maonekedwe. Khoma la mpope wa chifefe ndi lopyapyala, makamaka chakutsogolo, ndipo mmisiri wa mfuti ayenera kuliyeza kuti aone ngati mfutiyo ingawombedwebe.

Utoto sutetezanso malo amene sunafike. M'kati mwa mpope, pa timizere ta choke, m'paipi yosungira zipolopolo ndi masipuling'i onse zimafunabe kupukutidwa ndi kuthiridwa mafuta mukabwera kosaka. Ndipo pamene chitsulo chimakhulana ndi chinzake, monga pa timikono tiwiri toyenda popopa, utoto uliwonse umaperepeseka pakapita nthawi. Chimenecho si cholakwa cha wopaka.

Mafunso obwereza

1. N'chifukwa chiyani mfuti ya bluing imachita dzimbiri mafuta akauma?
2. Fotokozani chifukwa chake thunthu la Mossberg 500 silingabwezeredwe mtundu ndi bluing.
3. Mwapatsidwa chifefe chakale cha mipope iwiri. Mungayese bwanji malumikiziro ake, ndipo mungasankhe njira iti?
4. Mwatulutsa thunthu mu uvuni ndipo mwaona kabanga kakuda pa bowo la pini. Muchita chiyani?
5. Tchulani malo anayi amene utoto suyenera kufika, ndi chifukwa chake.

Mawu omaliza

Mwa magawo onse a ntchitoyi, kupopera ndi limodzi lokha, ndipo ndi lalifupi kuposa ena. Mukamaweruza ntchito ya mmisiri, musayambire pa kukongola kwa mtundu. Mufunseni ngati anaphwasula mfuti yonse, mchenga umene anakwechera, ngati anawotcha chitsulo asanachipake, ndi malo amene anatseka. Akalephera kuyankha mafunso anayi amenewa, musamupatse mfuti yanu.